Mbili ya makolo anu ili m'mabuku a ansembe ku Bauleni

Anthu ambili a mu Northmead, Kabwata ndi Chelstone amati kwao ndi kum'mawa, koma mukawafunsa dzina la mudzi umene munabadwila agogo ao amangoyang'ana pansi. Nkhalamba zimene zinali kudziwa zikutha. Tsiku la mlandu wa munda kapena wolowa dzina likafika, mwana wa mu tauni amasowa ponena.

Thandizo lina lili pafupi. Ku Bauleni, kufupi ndi mseu wa Leopards Hill, kuli malo ochedwa FENZA, a ansembe a White Fathers. Ansembe amenewa anafika m'dziko lino mu 1891 ku Mambwe Mwela, ndipo mu 1903 anatsegula Kachebere pamalile a Malawi, asanamange Minga ndi Chassa. Pa mishoni anali kulemba zocitika za tsiku ndi tsiku: midzi imene anayendela, mafumu amene anawalandila kapena kuwakana, njala, dzombe ndi matenda. Zambili zinalembedwa m'Cifalansa, koma zina zinamasulilidwa m'Cingelezi. Ku FENZA kuli zolemba zotele pamodzi ndi mabuku a zinenelo ndi miyambo yathu.

Koma dziwani ici, abale. Zolembazi zimasimba za mudzi ndi dela, osati za munthu aliyense. Dzina la agogo mudzalipeza m'buku la ubatizo kapena la ukwati, limene limasungidwa ku parishi kumene anabatizidwila. M'menemo amalembamo tsiku, makolo, mudzi ndi wowaimilila pa ubatizo. A Reformed nao afunse ku mpingo wao, umene unayambila ku Magwero mu 1899.

Musapite cimanjamanja. Yambani mwakhala pansi ndi azakhali kapena amalume. Lembani dzina la kumudzi ndi la ubatizo lomwe, cifukwa Tikambenji wa kumudzi angakhale Maria m'buku. Funsaninso mfunda, nyakwawa ndi mfumu yaikulu ya delalo. Caka cikawasokoneza, afunseni ngati zinacitika nkhondo ya Hitler isanayambe kapena itatha. Azungu anali kulemba maina monga anawamvela, conco yesani kalembedwe kosiyanasiyana.

Buku la ubatizo si pepala la munda, ndipo silingagamule mlandu kwa mfumu. Koma limaonetsa kuti banja lanu linali pamudzi uti, caka citi. Cimanga cikalowa m'nkhokwe, pitani mukafunse nkhalamba zikali moyo.