Mudzi wa Gehlaur: Pamene Chiwerengero cha Anthu Chimatsegula Msewu

M'boma la Gaya, m'chigawo cha Bihar ku India, muli mudzi wotchedwa Gehlaur. Kwa zaka zambiri mudziwu unali kuseri kwa phiri la miyala. Msika, sukulu ndi chipatala zinali kutsidya, ku Wazirganj. Wofuna kukafikako ankayenera kukwera matanthwe oterera kapena kuzungulira phiri lonse.

M'chaka cha 1959, mayi wina wa m'mudzimu, Falguni Devi, anavulala kwambiri paphiripo, ndipo anamwalira poti thandizo la dokotala linali patali. Mwamuna wake, Dashrath Manjhi, anali mlimi waganyu wa mtundu wa Musahar, womwe ndi umodzi mwa mitundu yosaukitsitsa ndi yonyozeka ku Bihar. Kuyambira 1960 mpaka 1982, bamboyu anaswa phirilo yekha ndi hamala ndi tchizulo. Patatha zaka 22, anaboola njira yotalika mamita 110, mulifupi mwake mamita 9. Ulendo wa pakati pa Atri ndi Wazirganj unatsika kuchoka pa makilomita 55 kufika pa 15. Manjhi anamwalira pa 17 Ogasiti 2007 ku New Delhi, ndipo boma la Bihar linamuika m'manda mwaulemu wa boma.

Nkhaniyi ndi yogometsa, komabe ili ndi funso lowawa: n'chifukwa chiyani munthu mmodzi anasenza ntchito ya dziko? Kalembera wa 2011 anapeza kuti anthu oposa 830 miliyoni a ku India amakhala kumidzi, m'midzi pafupifupi 600,000. Pofuna kulumikiza midziyi, pa 25 Disembala 2000 boma la Atal Bihari Vajpayee linakhazikitsa ndondomeko ya Pradhan Mantri Gram Sadak Yojana, yomanga misewu yodutsika dzinja ndi chilimwe chomwe.

Apa ndi pomwe chiwerengero cha anthu chinakhala nkhani ya moyo ndi imfa. Malinga ndi ndondomekoyi, mudzi wa kuchigwa umayenera kukhala ndi anthu 500 kapena kuposerapo kuti ulandire msewu. Kumapiri, kuchipululu ndi kumadera a mitundu yotsalira, malire ake anali anthu 250. Manambalawa ankatengedwa m'kalembera wa 2001. Timidzi toyandikana tinkaloledwa kuphatikiza anthu ake kuti tifike pa malirewo. Choncho banja lomwe linabisala kwa owerenga anthu, kapena khanda lomwe silinalembedwe, limatha kuchepetsa mwayi wa mudzi wonse.

Msewu pawokha suchiza munthu. Ndi chifukwa chake India inaonjezerapo zina. M'chaka cha 2005 inayambitsa Janani Suraksha Yojana, yomwe imapereka ndalama kwa amayi osauka akachilira kuchipatala. Inasankhanso amayi odzipereka otchedwa ASHA, pafupifupi mmodzi pa anthu 1,000 alionse, kuti aziyendera oyembekezera ndi kuwaperekeza kuchipatala. Kuyambira 2011, mayi wapakati ali ndi ufulu wa galimoto yaulere yomutenga kunyumba, kupita naye kuchipatala cha boma, ndi kumubweza akachira.

Akatswiri a uchembere wabwino amatchula kuchedwa kwa mitundu itatu komwe kumapha amayi: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Msewu umalimbana ndi kuchedwa kwachiwiri kokha. Koyambako kuli m'manja mwa banja ndi anansi.

Amayi anzathu, ambiri a ife tikudziwa mlatho womwe umakokoloka mvula ikagwa, komanso mtunda womwe mayi amayenda pa njinga matenda atayamba kale. Tikakumana, tiyeni tifunsane: m'mudzi mwathu muli oyembekezera angati, ndipo akadwala usiku adzayenda pa chiyani? Kudziwa nambala imeneyi, kusungiratu ndalama ya ulendo, kulembetsa ana ndi kulandira bwino owerenga anthu ndi ntchito zomwe sizifuna hamala. Pasadzapezekenso bambo woswa phiri maliro atachitika kale.