Kakhoma kamene ndinamanga ndekha kanditsekera njira

Akonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yanu yokondedwayi kuti nditulutseko zakukhosi pa nkhani ya njira za anthu oyenda pansi m'mphepete mwa misewu ya m'matauni mwathu. Kalata yangayi yatalikirapo, koma ndapota nanu musaidule, chifukwa miyeso imene ndalembamo ndiyo mutu wa nkhani yonse.

Ine ndine mmisiri womanga, ndipo ndinapuma ntchito nditagwira zaka zoposa 30 m'makampani osiyanasiyana okonza misewu ndi ngalande. Timakoma ta simenti timene mumationa m'mphepete mwa tala, timene ife amisiri timati makebu, ndayala tambirimbiri ndi manja angawa. Folomani akabwera ndi levulo yake ankandiyamikira kuti mzere wanga ndi woongoka ngati chingwe. Koma pa zaka zonsezo sindinadzifunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti kodi munthu woyenda pa njinga ya olumala adzakwera bwanji pamenepa.

Zaka zitatu zapitazo mayi akunyumba anadwala sitiroko ndipo mbali yakumanzere inafa. Chiyambire pamenepo, ulendo uliwonse wa kutauni, kaya wa kuchipatala kaya wa kubanki, wokankha njinga yawo ndine. Mwezi wathawu tinatsika minibasi kuti tikagule mankhwala pa sitolo ina imene munthu wamiyendo yake amafika pasanathe mphindi zisanu. Ife tinatha theka la ola. Ndinanyamula njingayo kasanu ndi kawiri, kukweza ndi kutsitsa pa makebu, ine nkhalamba yodwala msana. Nditatopa ndinaganiza zongoyenda mu tala momwemo. Galasi la minibasi linandikhudza chigongono, kondakitala n'kukuwa kuti, "Madala, mukufuna mutipalamulitse?" Ndinabwereranso m'mbali. Pa gulaye wina chivindikiro cha ngalande chinali chitasuntha, kagudumu kakutsogolo kanalowa mumpatamo, mayi n'kugwa chafufumimba. Amene anatithandiza ndi amayi ogulitsa tomato, mmodzi mpaka anavula chitenje chake kuwafunditsa.

Bala la pachipumi linapola. Chimene sichinapole mumtima mwanga ndi mawu amene anandiuza tili m'minibasi pobwerera. Anati, "Bambo, musadzanditengenso kutauni kuno, ndikukuzunzani." Munthu amene kale ankapita yekha kumsika kukapikula nsomba, lero akupempha kuti azingokhala pakhonde. Ndipo Akonzi, makebu a msewu umenewo ndinayala nawo ineyo ndili mnyamata. Akuluakulu sananame kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kebu wamba amatalika masentimita ngati 15, osakwana n'komwe chikhato chotambasula. Kwa inu oyenda bwino ndi phazi limodzi basi, simuzindikiranso kuti mwakwera. Kwa munthu wa pa njinga ndi khoma. Akakhala yekha amaima pomwepo kudikira wachifundo woti amunyamule, apo ayi alowe mumsewu kukapikisana ndi malole ndi akabaza. Mukaona mnzathu waulumali akupalasa njinga yake pakati pa magalimoto musamayambe ndi kumulalatira. Njira yake tinamutsekera ndife.

Vutoli anzathu a maiko ena analiona kale. Ku America, mu mzinda wa Kalamazoo, loya wina dzina lake Jack Fisher, amene anabwera kuchokera ku usilikali ali wolumala, anachonderera akuluakulu a mzindawo mpaka mu 1945 anadula makebu m'malo angapo n'kuikapo zitsetse zoti asilikali anzake ovulala azidutsapo. Ku Berkeley, m'chigawo cha California, ophunzira aulumali a pa yunivesite, mmodzi mwa iwo Ed Roberts amene anapuwala ndi poliyo, anaumiriza khonsolo yawo, ndipo mu 1972 chitsetse choyamba chovomerezeka chinamangidwa pa msewu wa Telegraph Avenue. Mu 1990 dziko lonselo linakhazikitsa lamulo la Americans with Disabilities Act, ndipo kuika zitsetse pomanga kapena pokonzanso msewu kunasiya kukhala chifundo, kunasanduka lamulo. Chimene anadabwa nacho n'chakuti zitsetsezo zitamangidwa aliyense anayamba kudzera pomwepo: okalamba, amayi okankha ana, onyamula katundu ndi ena otero. Kunonso kwathu oyamba kusangalala angakhale anyamata a mawilibala ndi agogo oyendera ndodo.

Tsono ndilankhule ndi amisiri anzanga, mafolomani ndi mainjiniya, pakuti chitsetse, chimene pantchito timati rampu, chili ndi miyeso yake. Ndinaiphunzira mochedwa, nditakhala kale wokankha njinga, ndipo sindikufuna inu muchedwe ngati ine.

Choyamba ndi kupendekeka kwake. Muyeso wodziwika m'maiko ambiri ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, chitsetse chitalike masentimita 12. Kebu wa masentimita 15 ndiye kuti akufuna chitsetse chotalika mita imodzi ndi masentimita 80. Chimene ambirife timachita ndi kungomata matope a simenti pakona ya sitepe, kachitsetse kotalika ngati mkono, n'kunena kuti olumala tawaganizira. Chotero n'choopsa kuposa sitepe imene. Pokwera njinga imadzuka magudumu akutsogolo munthu n'kugwa chagada, potsika imathamanga yokha kukalowa mumsewu. Ndaona zitsetse zina pa makomo a masitolo zimene ngakhale ine wamiyendo ndimakwera mogwira khoma.

Chachiwiri, pansi pamene chitsetse chikumana ndi tala pasakhale mlomo. Timagudumu takutsogolo kwa njinga ndi tating'ono, ndipo kamlomo ka masentimita awiri kapena atatu n'kokwanira kuimitsa njinga mwadzidzidzi munthu n'kulakatika. Pamenepo madzi amvula asamadikhepo. Pamwamba pake pakhale malo athyathyathya osachepera mita imodzi ndi masentimita 20, oti munthu aime n'kutembenuka. Chitsetse chimene chimathera pa khoma kapena pa pholo la magetsi n'kutaya simenti chabe.

Chachitatu, zitsetse zizikhala ziwiriziwiri, china tsidya lino china tsidya linalo, zoyang'anizana pa malo owolokera. Kangapo konse ndatsitsa mayi bwinobwino mbali imodzi, kufika tsidya linalo n'kupeza kebu wathunthu, magalimoto akuimba mahutala kumbuyo kwathu. Kumeneko ndi kutchera munthu msampha.

Chachinayi ndi njira yeniyeniyo. Njinga ya olumala m'lifupi mwake imakhala masentimita ngati 70, koma zija zamagudumu atatu zopalasa ndi manja, zimene ambiri kwathu kuno amayendera, n'zazitali ndipo zimafuna malo aakulu pokhota. Njira ikhale yosachepera mita imodzi ndi theka m'lifupi, yopanda pholo, chikwangwani kapena mtengo pakati. Tonse timadziwa kuti njira iyenera kupendekera pang'ono kumsewu kuti madzi azichoka, koma kupendekako kusapitirire masentimita awiri pa mita imodzi. Kukapitirira, njinga imakokera mbali imodzi ndipo wopalasa amagwiritsa ntchito dzanja limodzi mpaka phewa kuphwanya. Malo ovuta kwambiri ndi pa zipata zolowera magalimoto ku mafilingi siteshoni ndi m'mipanda, pamene timapendeketsa njira yonse pofuna kusangalatsa galimoto. Konkire isasalazidwe ngati pansi pa m'nyumba. Ikadali yaiwisi muidutsitse tsache kuti ikhale yokhakhala, isamaterere nthawi ya dzinja.

Chachisanu ndi ngalande, ndipo apa ndi pamene misewu yathu imasiyana ndi ya anzathu. Mvula yathu ndi yamphamvu, choncho timakumba ngalande zakuya n'kuzisiya pululu kapena kuvindikira ndi masilabu okhala ndi mipata. Mpata wolowa chala chachikulu ndi wokwanira kugwira gudumu kapena nsonga ya ndodo. Masilabu azigundana bwino, ndipo zivindikiro zachitsulo mizere yake izipingasa njira, isamatsate kumene munthu akulowera. Silabu ikasweka kapena chitsulo chikabedwa, pabwezeretsedwe china msanga. Kuikapo nthambi ya mtengo ngati chenjezo kumathandiza oona okha.

Apa ndafika pa anzathu osaona. Iwowa kebu amawathandiza, chifukwa ndodo yoyera ikagunda pamphepete amadziwa kuti msewu wayamba. Tikadula kebu n'kusalaza, tathandiza wa njinga koma wosaona tamuchotsera chizindikiro, akhoza kulowa pakati pa magalimoto osadziwa. Yankho lake linachokera ku Japan. Bambo wina dzina lake Seiichi Miyake anapanga matailosi okhala ndi timatuza, ndipo anayalidwa koyamba mu mzinda wa Okayama mu 1967, pafupi ndi sukulu ya osaona. A timadontho amauza phazi kuti ima, apa pali msewu. A mizere amauza phazi kuti pitirira, njira ndi iyi. Kawirikawiri amakhala achikasu kuti amene amaona pang'ono awazindikire. Matailosi otere sachita kufuna kuitanitsa kunja. Amene amaumba mabuloko a simenti m'matauni mwathumu atapatsidwa chikombole chake akhoza kuumba.

Ena anena kuti dziko lathu ndi losauka, tiyambe tatseka maenje a m'misewu. Ine monga mmisiri ndikuti chitsetse chikakhala pa pulani kuyambira pachiyambi, mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa kebu wamba. Simenti ndi yomweyo, mchenga ndi kwale ndi zomwezo, amisiri ndi omwewo. Chimene chimadula ndi kubweranso patapita zaka kudzaswa zimene tinamanga. Ndiye pamene misewu yatsopano ikumangidwa m'mizinda ndi m'maboma mwathu, nthawi yokonza zinthu ndi yomweyi, konkire isanaume.

Komanso anthu amene tikunenawa si owerengeka ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Malamulo nawo tili nawo. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za ulumali limene linanena za ufulu wofika m'malo a anthu onse, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano limene linasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Kodi malamulo amenewa amafika m'manja mwa folomani amene akuyala makebu? Ine pa zaka zanga zonse palibe anandionetsapo pepala lonena za chitsetse. Ndinkapatsidwa chingwe, levulo ndi tsiku lomalizira ntchito.

Choncho pempho langa kwa makhonsolo onse ndi kwa amene amapereka makontirakiti a misewu ndi ili. Miyeso ya zitsetse ilembedwe m'mapulani, ndipo kontirakitala asalandire ndalama zomaliza ngati sanaitsate. Msewu usanatsegulidwe, itanani munthu wa pa njinga ndi wina wa ndodo yoyera ayende kuchokera poyambira mpaka pothera, akuluakulu akutsatira pambuyo wapansi. Bungwe la FEDOMA, limene limasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, lilipo ndipo anthu otere lili nawo. Safunsa anadya phula. Pa misewu yakale, yambani ndi njira zochokera pa masiteji a minibasi kupita kuzipatala, kumisika, kumasukulu ndi kumabanki. Sukulu zathu zophunzitsa ntchito zamanja nazo ziphunzitse ana muyeso wa 1 pa 12 monga zimawaphunzitsira kasakanizidwe ka simenti.

Kwa eni magalimoto, chonde lekani kuimika magalimoto anu pa njira ya oyenda pansi ndi pakamwa pa zitsetse zochepa zimene tili nazo. Inu mukuti mphindi zisanu zokha, koma mnzanuyo alibe kwina kodzera. Kwa mavenda sindinena zambiri, pakuti ndi amene anatidzutsa tsiku lija ndipo nawonso akusaka ya ufa. Ndingopempha kuti poyala malonda muzisiya mpata woti njinga idutse, ndipo akhonsolo ajambule mzere woonetsa malire m'malo momangothamangitsana.

Ine pakhomo panga ndinaswa sitepe n'kumanga chitsetse, ndipo sabata yatha ndamaliza china pa tchalitchi chathu ndi matumba atatu a simenti amene akhristu anasonkha. Lamulungu lapitali mayi analowa m'tchalitchi popanda wowanyamula, koyamba pa zaka zitatu. Kutauni akukanabe. Ndawalonjeza kuti tidzapitanso, koma lonjezo limenelo sindingalikwaniritse ndekha, mutu umodzi susenza denga. Amisiri anzanga amene mukadali pantchito, mawa mukagwira chingwe pa gulaye, mufunseni folomani kuti kodi wa njinga adzakwerera pati. Akakuuzani kuti pa pulani palibe, muonetseni kalata ino.



Mmisiri wopuma,
Chigawo cha Kummwera.