Volovolo ndi gogodela: mfuti zakale si zobisa pansi pa mphasa

Mu Ogasiti 2021, pa okushoni ina ku America, munthu anatulutsa ndalama zopitirira madola 6 miliyoni kugula kamfuti kamodzi ka m'manja kopangidwa ndi kampani ya Colt. Chitsulo chake n'chimodzimodzi ndi cha mfuti zinzake zikwizikwi za mtundu womwewo. Chinakweza mtengo ndi nkhani yake, pakuti iyi ndiyo mfuti imene Pat Garrett anaphera chigawenga chotchuka Billy the Kid mu 1881. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 2018, Colt Walker ya mu 1847, imodzi mwa 1,100 zokha zimene zinapangidwa, inagulidwa pa madola 1.84 miliyoni.

Inu a geni musadabwe. Alipo anthu kunja kuno amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa mfuti zakale monga mmene ena amasonkhanitsira masitampa. Akaigwira m'manja sayamba ndi kufunsa ngati imalira. Amayang'ana ngati manambala a pa ziwalo zake akugwirizana, amafufuza zidindo za kufakitale ndi za gulu la asilikali limene linaigwiritsa ntchito, ndipo akaona kuti wina anaipala ndi sandipepa kuti iwale, mtengo umagwa pompo. Kampani ya Colt imagulitsa ngakhale kalata yochokera m'mabuku ake akale yonena tsiku limene mfuti yakutiyakuti inatumizidwa ndi kumene inapita. Akugula mbiri anthu amenewa.

Mfuti imene ndikukamba pano ndi ija akuluakulu amene anakagwirako ntchito ku Joni amaitcha volovolo. Pakati pake pali kang'oma kachitsulo kokhala ndi mabowo 6, bowo lililonse chipolopolo chake. Mukakoka kanyundo kakumbuyo, kang'omako kamazungulira n'kuika chipolopolo chatsopano moyang'anizana ndi mpope. Samuel Colt analembetsa luso lake ku America mu 1836, ndipo Colt .45 ya mu 1873 ndi ija timaiona m'chiuno mwa makaboyi m'mavidiyo. Ya Clint Eastwood mu Dirty Harry, filimu ya mu 1971, ndi Smith & Wesson Model 29, ya zipolopolo za .44 Magnum. Manambalawa akunena kukula kwa kamwa ya mfuti m'mainchesi, tinene kuti pafupifupi mamilimita 11, bowo loti chala chaching'ono cha mwana chilowemo.

Koma zimenezo ndi za eni ake. Volovolo imene ikutikhudza ife ndi Webley ya ku Birmingham, imene asilikali a Britain anaivomereza mu 1887, zaka zinayi zokha dziko lino lisanakhale pansi pa chitetezo chawo mu 1891. Mtundu wake wotchuka, Mark VI, unatuluka mu 1915 nkhondo yaikulu ili mkati. Iyi ndiyo inali mfuti ya m'chiuno ya mabwana a asilikali a Britain, kuphatikizapo amene ankatsogolera makolo athu m'gulu la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mbali yake ina inali ku Zomba. Kunena zoona, amisiri ake anaganiza. Mukatsegula loko wake, mfuti imathyoka pakati ngati mpeni wopinda, makoko onse 6 a zipolopolo n'kutumphukira kunja nthawi imodzi. Chipolopolo chake cha .455 n'cholemera magalamu 17, choyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi za masiku ano, koma chopangidwa kuti munthu amene chamupeza asapitenso patsogolo. Funso nali: kuno kwathu munthu ameneyo anali ndani?

Tiyeni ku Nkhotakota, kumene mfuti inafika kale Webley isanabadwe. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pagombe limeneli n'kuyamba malonda a minyanga ndi akapolo. Zombo zake zinkawolotsa katundu ndi anthu kupita tsidya la nyanja, ulendo wa ku Kilwa. Pobwera zinkatenga nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti. Mfuti zake zinali zija za gogodela: kuthira wonga kukamwa, kuika kansanza ndi chipolopolo, n'kugogoda ndi ndodo yachitsulo kuti zikhazikike. Ukawombera kamodzi, uyambirenso. Mvula ikagwa wonga n'kunyowa, watsala ndi chibonga m'manja. Komabe mfuti yotereyi inkakwana kusandutsa mudzi wina kukhala wogwira anthu ndi mudzi wina kukhala wogwidwa. Mfuti inagula munthu, munthu n'kugula mfuti ina, choncho basi. David Livingstone anafika pamalopa mu 1863 n'kuyankhula za kuleka malondawo pansi pa mkuyu umene alendo amakauona mpaka lero, koma mawu ake sanaphule kanthu. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo, ndipo pasanathe zaka zambiri Jumbe womaliza anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar.

Apa ndi pamene ana a sukulu ndikufuna mutchere khutu, chifukwa mabuku athu amangodutsapo. Mu 1890 maiko a azungu anasainirana pangano ku Brussels, ati lothetsa ukapolo. Mkati mwake anaikamo mfundo yoletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kuno. Wakuda ankaloledwa kugula gogodela ndi wonga wamba basi. Mbali ina cholinga chinali chabwino, palibe angakane kuti mfuti ndizo zinkadyetsa malonda a akapolo. Koma taganizani zotsatira zake. Uku kuli munthu wa gogodela amene akuvutika ndi ndodo yake kugogoda, uku kuli bwana amene atha kuwombera kasanu ndi kamodzi osapuma, kumbuyo kwake kuli asilikali a mfuti zazitali zamakono. Msonkho wa nyumba ndi thangata zinayenda bwino chifukwa cha kusiyana kumeneku. Anthu a John Chilembwe ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake atagalukira mu Januwale 1915 anathamangira kosungira mfuti kwa Mandala ku Blantyre. Anapezako zochepa, ndipo mapeto ake tonse tikuwadziwa.

Ndiye kodi m'Malawi angayamikire kukongola kwa Webley osachita manyazi? Ine ndikuti inde. Ngakhale ndinachoka ku yunivesite ndisanavale mkanjo, phunziro limodzi ndinatulukamo nalo: chinthu chakale ndi mboni, ndipo mboni sitiitaya chifukwa choti ikunena zowawa. Munthu atha kusirira luso la amisiri a ku Birmingham, kumva kulemera kwa chitsulo, kuona mmene ziwalo zake zimalumikizirana popanda kugwedera ngakhale patapita zaka 100, kwinaku akukumbukira chifuwa chimene mpopewo unkalozako. Chimene sindigwirizana nacho ndi kusirira kwa m'mavidiyo, kumene mfuti imangolira bwino ndipo wogwa pansi alibe dzina, alibe mayi.

Gogodela naye sanafe ayi. Amisiri a kumudzi anaphunzira kumupanga ndi mapaipi, ndipo anapitiriza ntchito yake yakale yosaka minyanga. M'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota munali njovu zopitirira 1,500, koma pofika mu 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa, zinali zisakukwana 100. Zinatengera kusamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017 kuti nkhalango ikhalenso ndi eni ake. Si gogodela yekha anachita izi, misampha ya mawaya ndi mfuti zamakono zinathandizira, makamaka ma AK-47 amene anasefukira m'dziko muno chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Koma mzere wochokera kwa Jumbe kufika pa njovu zimenezi ndi woongoka ndithu.

Tsono kwa inu amalonda amene mwayamba kale kuwerengera madola m'mutu, mukukumbukira chitsulo chija agogo anasiya kudenga, imani kaye. Choyamba, lamulo la mfuti la mu 1967 likuti kukhala ndi mfuti popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo wapolisi sadzamva zoti inali ya malemu. Chachiwiri, lilipo lamulo loteteza zinthu zakale limene sililola kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo cha boma. Mlendo amene angakupatseni timakwacha pagombe kuti mumupatse mfuti ya agogo akukuikani m'mavuto, ndipo ngati ili yeniyeni, phindu lalikulu akadyera iye kwawo. Ndipo musaganize kuti kwa azunguko n'zosavuta. Dziko la Britain, kwawo kwa Webley, linaletsa anthu wamba kusunga mfuti za m'manja mu 1997, pambuyo pa kuphedwa kwa ana a sukulu ku Dunblane mu 1996. Zina mwa zakale zimene zimaloledwa zili pansi pa malamulo okhwima zedi.

Za kuyesa kuiwombera ndiye musayerekeze n'komwe. Chitsulo chimene chakhala zaka makumi ambiri m'chinyontho cha kunyanja chimadyeka mkati mmene diso silifika. Ngakhale ku America, kumene ma Webley ambiri anawapala kumbuyo kwa kang'oma kuti alowe zipolopolo za .45 ACP, akatswiri amachenjeza kuti mphamvu ya zipolopolo zimenezo imaposa imene mfutiyo inapangidwira. Nanga gogodela wa dzimbiri? Amaphulikira mwini wake kumaso.

Chimene ine ndikupempha n'chaching'ono. Ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi, pali mfuti yaikulu ya Hotchkiss yochokera m'sitima ya Guendolen, imene inakathira nkhondo sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa nyanja yathu yomweyi mu Ogasiti 1914. Ili poyera, siopsa munthu, ndipo mwana aliyense wodutsa amafunsa kuti n'chiyani. Nkhotakota ikuyenera zotere. Apolisi, a nthambi yosunga zinthu zakale ndi mafumu agwirizane kuti banja limene lili ndi mfuti yakale liibweretse popanda kuopa unyolo. Akatswiri aione. Yopangidwa dzana ndi paipi ya madzi iphwanyidwe, koma yakale yeniyeni aitseke kuti isadzalirenso, n'kuiika m'chipinda pa boma, kufupi ndi mkuyu uja ndi tchalitchi cha All Saints kumene kuli manda a Bishopu Chauncy Maples.

Pambali pa mfuti iliyonse pakhale pepala lonena banja limene laipereka, mmene inafikira m'banjamo, ndi zimene akuluakulu amakumbukira kuti inachita. Ntchito yolemba mapepala amenewo ndi yanu ana a sukulu. Patchuthi chikubwerachi, wa ku Linga, wa ku Dwangwa, wa ku Benga, tengani kope ndi cholembera, mukakhale pansi ndi agogo, muwafunse kuti, “Agogo, mfuti ija inali ya yani, nanga anaipeza bwanji?” Mulembe dzina la mudzi, dzina la mfumu ya nthawi imeneyo, ndi chimene anapereka posinthana nayo, kaya ndi mnyanga, kaya ndi mbuzi, kaya ndi munthu.