Slide stop ya mfuti ya pistol

Slide stop ndi kachitsulo kakang'ono ka m'mbali mwa mfuti ya pistol kamene kamakola slide kuti ikhale yotsegula chipolopolo chomaliza chikawombedwa. Kamapezeka pa mfuti zambiri za mtundu wa semi-automatic, zomwe zimadzilowetsera zokha chipolopolo china munthu akangowomba. Makampani ena amakatcha slide catch, ena slide release, ndipo mfuti ikaima chotsegula motere amati ili pa slide lock. Kachitsuloka kakalephera ntchito, slide imatseka pamene m'magazini mulibe kanthu, kapena imaima chotsegula zipolopolo zikadalimo. Kawirikawiri gwero la vutolo silikhala pa kachitsuloko. Limakhala pa magazini, pa zipolopolo kapena pa kagwiridwe ka wowombayo.

Mmene kamagwirira ntchito

Slide ndi chitsulo cha pamwamba pa pistol chimene chimakuta mpope ndipo chimayenda chakutsogolo ndi cham'mbuyo. Chipolopolo chikaphulika, mphamvu ya wonga imakankhira slide m'mbuyo. Popita m'mbuyomo imasolola khoko la chipolopolo n'kulitayira kunja, kenako sipuling'i yaikulu ya pansi pa mpope imaibwezera kutsogolo. Pobwerera imatola chipolopolo cha pamwamba m'magazini n'kuchilowetsa mu chamber, kutanthauza kuchiyambi kwa mpope kumene chipolopolo chimakhala podikira kuwombedwa.

M'kati mwa magazini muli sipuling'i ina, ndipo pamwamba pake pamakhala kachipangizo kachitsulo kapena kapulasitiki kotchedwa follower, kamene kamasenza zipolopolo. Zipolopolo zikamatha, follower imakwera pang'onopang'ono. Chomaliza chikachoka, follower imafika pamwamba penipeni n'kugunda kadzino ka slide stop kamene kamasuzumira m'kati mwa mfuti, n'kukakankhira m'mwamba. Slide ikafika m'mbuyo ulendo womaliza, kachitsuloko kamalowa m'kamphako kosemedwa m'mphepete mwa slide n'kuikola. Wowomba amadziwa kuti zipolopolo zatha, ndipo akalowetsa magazini ina amangodina kachitsuloko kapena kukoka slide pang'ono n'kuisiya.

Slide stop ilinso ndi kasipuling'i kakekake kamene kamaipanikizira pansi nthawi zonse. Motero kachitsuloka kamakhala pakati pa masipuling'i awiri olimbana. Ya m'magazini iyenera kupambana pokhapokha zipolopolo zikatha, ndipo nthawi ina yonse kakang'onoko ndiko kayenera kupambana. Mavuto ambiri a slide lock amayamba mphamvu ziwirizi zikasiya kugwirizana.

Kapangidwe kosiyanasiyana

Kapangidwe kodziwika kwambiri ndi ka mfuti ya M1911 imene anakonza John Moses Browning wa ku Ogden m'chigawo cha Utah. Gulu lankhondo la United States linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1911 ndipo inakhala mfuti yawo yam'chiuno mpaka 1985, pamene Beretta M9 inalowa m'malo mwake. Magazini yake imatenga zipolopolo 7 za .45 ACP. Pa mfutiyi slide stop ili ndi ntchito ziwiri, chifukwa pini yake imadutsa m'thupi la mfuti ndi m'kalumikizo ka pansi pa mpope, ndipo ikachotsedwa slide ndi mpope zimasololoka. Imapanikizidwa ndi kapini kokhala ndi sipuling'i kamene kali m'kachubu ka kumanzere kwa mfuti kotchedwa plunger tube. Tokarev TT-33 ya ku Soviet Union ndi Browning Hi-Power ya mu 1935 zinatengera njira yomweyo yoti slide stop ikhalenso pini yomasulira mfuti.

Walther PP ya mu 1929 ndi PPK ya mu 1931 zilibe chodina chakunja. Kachitsulo kake kali m'kati, choncho kuti slide itseke munthu amachotsa magazini yopanda kanthuyo, kapena kuikamo yodzaza, n'kukoka slide. Wosazolowera mfutizi amaganiza kuti chinachake chathyoka pamene anazipanga choncho.

Slide ikalephera kuima

Ili ndilo dandaulo lofala. Chipolopolo chomaliza chawombedwa, koma slide yatseka ngati m'kati mukadali china.

Choyamba kuchikayikira ndi magazini. Sipuling'i yake imafooka chifukwa chodzazidwa ndi kukhuthulidwa kambirimbiri, ndipo ikafooka follower imachedwa kukwera kapena imakwera yopanda mphamvu zokankhira kachitsulo kaja. Follower nayo imadyeka pakona pamene imagundana ndi kadzino ka slide stop, makamaka ikakhala yapulasitiki, mpaka imayamba kuterereka n'kudutsa pambali pa kadzinoko. Zikatero magazini ikhozanso kukanirira pochotsa. Mchenga, mwaye wa wonga ndi mafuta ouma m'kati mwa magazini zimachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake owomba ambiri amalemba manambala pansi pa magazini awo: ngati vuto limabwera ndi nambala 3 yokha, palibe chifukwa chomasulira mfuti.

Chachiwiri ndi chala chachikulu cha wowomba. Ambiri masiku ano amagwira pistol ndi manja onse, zala zazikulu zitaloza kutsogolo m'mbali mwa mfuti, ndipo chala chikagona pamwamba pa slide stop chimaipanikiza osadziwa. Follower siingalimbane ndi chala cha munthu. Mfuti za SIG Sauer P226 zimadziwika ndi zimenezi chifukwa kachitsulo kake kali m'mbuyo kwambiri, pamalo penipeni pamene chala chakumanja chimakonda kukhala. Vuto lotere limasocheretsa, chifukwa mfutiyo ikapita kwa mmisiri imagwira bwinobwino, koma ikabwerera m'manja mwa mwini wake imayambiranso.

Chachitatu n'chakuti slide siikufika m'mbuyo mokwanira. Pa mfuti zambiri mtunda umene slide imafunika kuyenda kuti itaye khoko ndi wochepa poyerekeza ndi umene imafunika kuti kamphako kake kafike pa slide stop. Choncho mfuti ikhoza kumawomba bwino zipolopolo zonse koma n'kumalephera kuima pamapeto. Zimachitika ndi zipolopolo za wonga wochepa mphamvu, sipuling'i yobwezera slide yolimba kuposa muyezo wake, litsiro kapena kuuma kwa mizere imene slide imayendamo, ndiponso kugwira mfuti molobodoka. Dzanja likalobodoka, thupi lonse la mfuti limabwerera m'mbuyo limodzi ndi slide, ndiye mphamvu ina imatayika.

Kudyeka kwa slide stop yeniyeniyo kapena kwa kamphako ka pa slide kumabwera pamapeto, ndipo kumaoneka ndi maso: makona amene anali akuthwa amakhala atabulungika.

Kapimidwe kake

Asanayambe kupima chilichonse, munthu amachotsa magazini, kenako n'kukoka slide ndi kuyang'ana mu chamber, mpope utaloza kumene kulibe munthu. Dongosolo limeneli silisinthanitsidwa. Wokoka slide magazini ikadalimo amataya chipolopolo chimodzi n'kulowetsa china, ndiye akachotsa magaziniyo amatsala ndi mfuti yodzaza imene iye akuti ilibe kanthu.

Akatsimikiza, amalowetsa magazini yopanda kanthu n'kukoka slide ndi dzanja mpaka kumapeto. Ikapanda kuima, amayesa magazini ina. Ikalephera ndi magazini onse, ndiye kuti vuto lili pa slide stop, pa sipuling'i yake kapena pa kamphako. Ikaima bwino pokoka ndi dzanja koma n'kumalephera powomba, zitsulozo zikugwirizana ndithu, ndipo chotsala ndi chala, kagwiridwe, zipolopolo kapena sipuling'i yobwezera. Pamalo ovomerezeka ophunzirira kuwomba, amaika chipolopolo chimodzi chokha m'magazini iliyonse n'kuwomba ndi dzanja limodzi, chala chili kutali ndi kachitsuloko, kapena kupatsa mnzawo kuti ayese. Chofunika n'kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Wosintha magazini, sipuling'i ndi zipolopolo tsiku limodzi akhoza kuthetsa vutolo, koma sadzadziwa chimene chinalakwika.

Slide ikaima zipolopolo zikadalimo

Vutoli silichitika kawirikawiri ngati loyamba lija, koma ndi loopsa kwambiri, chifukwa anthu amazolowera kuti slide yotsegula ndiye kuti zipolopolo zatha. Wina akhoza kutsitsa mfuti, kutembenuka nayo, n'kudina kachitsulo kaja, ndipo pomwepo chipolopolo chalowa mu chamber. Slide yotsegula si umboni woti m'magazini mulibe kanthu, monganso slide yotseka si umboni woti muli chipolopolo.

Apanso chala chimalakwa, koma tsopano chimakhala pansi pa kachitsuloko n'kukakankhira m'mwamba mfuti ikadumpha. Nthawi zina chimakankha ndi chikhatho cha dzanja lothandizira. Ma slide stop otalikitsidwa, amene ena amagula kuti azidina mosavuta, amawonjezera vutoli chifukwa ndi aakulu komanso olemera. Ngati kasipuling'i kopanikizira pansi kafooka kapena kathyoka, kugwedezeka kwa mfuti pakokha kumakwanira kudumphitsa kachitsuloko. Pa M1911 zimenezi zimachitikanso plunger tube ikayamba kugwedera.

Pa M1911 yomweyo palinso china. Kadzino kam'kati kakatalika pang'ono, mutu wa chipolopolo chimene chikukwera m'magazini umakagunda n'kukatukula. Chizindikiro chake ndi kamzere ka mtundu wa kopa pa kadzinoko. Kadzino ka mfuti ya 9mm kapena .38 Super kamakhala kotalikirapo kusiyana ndi ka .45 ACP, popeza zipolopolo zake ndi zowonda, choncho kuika slide stop ya mtundu wina kumabweretsa vuto ndithu. Ena amathamangira kupala kadzinoko ndi tupa. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti, chifukwa kakapalidwa mopitirira follower siikafikanso, ndipo vuto lachiwiri limasanduka loyamba lija.

Pa Glock 17, imene gulu lankhondo la Austria linasankha mu 1982, ndi pa mfuti zina za kampaniyi zokhala ndi mapini atatu, vutoli limakonda kubuka mfuti ikangomangidwa kuchokera kotsukidwa. Kawaya ka sipuling'i ya slide stop kayenera kukhala pansi pa pini yapamwamba. Kakakhala pamwamba pake, kachitsuloko kamangolendewera popanda choipanikiza ndipo slide imaimaima pakati pa kuwomba. Mfuti za Gen5 zimene zinatuluka mu 2017 zilibe pini imeneyo, ndipo slide stop yake imadinika mbali zonse ziwiri.

Si nthawi zonse pamene slide yoima m'mbuyo yakoledwa ndi slide stop. Khoko kapena chipolopolo chikatsalira mu chamber china n'kudzapanikizika kumbuyo kwake, slide imaima chapafupi ndi malo omwewo. Kusiyana kwake kumaoneka posuzumira m'kati, ndipo kachitsuloko kamakhala kali pansi.

Dzina losokoneza pa Glock

M'mabuku a kampani ya Glock, kachitsulo kamene kafotokozedwa m'nkhaniyi kamatchedwa slide stop lever. Dzina lakuti slide lock analipereka kwa chitsulo china chopingasa chimene chili pamwamba pa chowombera, chomwe munthu amachikokera pansi mbali zonse ziwiri pochotsa slide. Sipuling'i ya chimenechi ikathyoka, chitsulocho chikhoza kugwa ndipo slide imatha kusololokera kutsogolo n'kuchoka pa mfuti. Woitanitsa chipangizo chatsopano ayenera kudziwa kuti akufuna chiti mwa ziwirizi. Pomasula Glock pamafunikanso kukoka chowombera slide isanachotsedwe, choncho chipolopolo choiwalika mu chamber chimaphulika pomwepo.