Amisiri Amene Amamvera Kupuma kwa Makina a Magemu

Mmisiri wokonza makina a magemu asanagwire sikuludiraiva amayamba watchera khutu. Amayatsa PlayStation 4 imene mwini wake wabwera nayo, n'kumvetsera fani. Ikamalira ngati ndege, iye wadziwa kale kuti fumbi latseka timizere ta chitsulo chomwa kutentha, kapena phala la thermal paste limene lili pamwamba pa chip lauma. Zosintha mabatani ndi malo olowetsera waya wa HDMI amachitanso tsiku ndi tsiku, koma luso lake lenileni limaonekera pa fani ndi njira ya mpweya, ndipo pamenepo m'pamene anthu ambiri samumvetsa.

Ntchitoyi inakula chifukwa cha tsoka la Xbox 360, imene Microsoft inatulutsa mu 2005. Makina ambiri ankafa n'kuyatsa timagetsi titatu tofiira kutsogolo, chifukwa kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza kunkathyola zolumikizira za pansi pa chip ya zithunzi. Mu 2007 kampaniyo inatalikitsa waranti kufika zaka zitatu, niika padera ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera vutoli. Amene waranti yawo inatha, ndi amene ankakhala kutali ndi kampaniyo, anathamangira kwa amisiri. Mafani awiri akumbuyo kwa makinawo ankayambira pa mavoliti pafupifupi 5, ndiye amisiri ankawalumikiza ku waya wa mavoliti 12 kuti azithamanga kotheratu nthawi zonse. Ena ankadula kachitsulo ka mabowomabowo kotchinga mafaniwo kuti mpweya wotentha uzituluka momasuka.

Otsutsa zosintha zoterezi amati mainjiniya a Sony ndi Microsoft anayeza zonse, choncho munthu wa pakabenchi sangawapose. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, ndipo amisiri odziwa ntchito ndi amene amayamba kuivomereza. Iwo amati mpweya uli ngati madzi a mu ngalande: umadutsa pamene papepuka. Ukaboola chivundikiro pamwamba pa fani mosaganiza, mpweya umalowera pa bowolo, n'kusiya kudutsa mbali zina zimene unkaziziritsa. Amanenanso kuti fani yothamanga kwambiri imakoka fumbi lambiri, imasokosa, ndipo imatha msanga. N'chifukwa chake mmisiri wabwino amayamba kupukuta fumbi ndi kupaka phala latsopano, ndipo zokweza liwiro la fani amazisiya kumapeto. Komabe otsutsawo amaiwala kuti mainjiniya aja anayezera chipinda chaukhondo ndi chozizira bwino. Makina ambiri amene ali m'timashopu ta magemu m'matauni athu anagwirapo kale ntchito kunja, ndipo kuno amayaka kuyambira m'mawa mpaka usiku pansi pa denga la malata, ana akusinthana kusewera mpira, fumbi la mwezi wa October likulowa pakhomo. Amene amadziwa mmene makina amapumira m'malo otere ndi mmisiri amene amawatsegula.

Makampani enieniwo anaphunzirapo kanthu. Potulutsa PlayStation 5 mu 2020, Sony inaikamo fani yaikulu ya mamilimita 120, chitsulo chamadzimadzi m'malo mwa phala wamba, ndi mabowo okokerapo fumbi amene mwini makina angawafikire atangochotsa chivundikiro. Ku America, mu 2018, bungwe la Federal Trade Commission linachenjeza makampani angapo, kuphatikizapo Sony, Microsoft ndi Nintendo, pa nkhani yoopseza ogula kuti waranti itha akachotsa kachisindikizo kapena akapita kwa wokonza wina. Zonsezi zikusonyeza kuti kutsegula makina ndi kusamalira mpweya wake ndi ntchito yoyenera.

Chodetsa nkhawa ndi malipiro. Amisiri amadandaula kuti kasitomala amalipira mokondwa akaona chipangizo chatsopano, koma akauzidwa kuti ntchito inali yopukuta ndi kukonza njira ya mpweya amayamba kunenerera mtengo, ati mwangopemerera fumbi basi. Sadziwa kuti kufika pa chitsulo chomwa kutentha mu PlayStation 4 kumafuna kumasula pafupifupi makina onse, ndipo dzanja likangoterereka pa kawaya kopyapyala, mmisiri ndiye alipira. Amisiriwo amatinso anthu amabwera makina atafa kale, pamene akanabwera fani itangoyamba kulira ndalama ikanakhala yochepa. Malipiro akamachepa chonchi, achinyamata aluso amathawira kokonza mafoni, ndipo pamatsala oboola zivundikiro mwachisawawa.

Inu amene muli ndi makina a magemu, kaya apanyumba kaya a bizinesi, mukamva fani ikukweza mawu musadikire kuti azime okha. Pitani nawo kwa mmisiri amene angakufotokozereni kumene mpweya ukulowera ndi kumene ukutulukira, ndipo mumulipire mtengo woyenera luso lake.