Kuyeza Chibadwa: Mmene Kumathandizira Kuteteza Nyama Zakutchire ndi Ziweto

Chamoyo chilichonse, kaya njovu, ng'ombe kapena kachirombo koyambitsa matenda, chili ndi chibadwa chimene chimatengera kwa makolo ake. Akatswiri akachiyeza mu labotale amatha kudziwa mtundu wa chamoyocho, abale ake ndiponso dera limene chinachokera.

Luso limeneli linaonekera poyera pa nkhani ya minyanga. Mu 2002, akuluakulu a ku Singapore anagwira minyanga ya njovu yoposa matani 6 imene inatumizidwa kuchokera ku Malawi. Samuel Wasser ndi anzake a ku University of Washington atayeza DNA ya minyangayo, anapeza kuti njovu zambiri zinaphedwera ku Zambia. Motero zinadziwika komwe opha nyama mozembera lamulo ankachitira upanduwo, komanso njira imene katunduyo ankadutsa.

Kwa alimi a ku Nsambe m'boma la Neno, phindu la lusoli lili pa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe amagwira ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Matendawa anabukapo m'bomali mu 2018. Njati, zonga za ku Majete ndi ku Lengwe, zimatha kusunga kachiromboka popanda kuoneka kuti zikudwala, ndipo ng'ombe zingakatenge pomwera madzi kapena kudya msipu pamodzi ndi njatizo. Kenaka kamafalikira kutali ndi ziweto zopita kumisika.

Kachiromboka kali ndi mitundu 7, ndipo katemera wa mtundu umodzi sateteza ku mtundu wina. N'chifukwa chake alangizi a ziweto amatenga khungu la pachilonda kuti likayezedwe. Zotsatira zake zimasonyeza katemera woyenera, komanso ngati matendawa achokera kunjati kapena kuziweto za dera lina, ngakhale zakutsidya kwa malire ku Mozambique.

Kuyezaku kumayenda bwino zilonda zikadali zatsopano. Choncho alimi akupemphedwa kudziwitsa mlangizi wa ziweto msanga ng'ombe ikayamba kuchucha dovu, kutsimphina kapena kukana kudya, ndipo aipatule kwa zinzake. Amalonda asayendetse ziweto popanda chilolezo. Kubisa chiweto chodwala kumachedwetsa katemera, kumatseketsa misika, ndipo mudzi wonse umaluza.