Mayeso a IQ anapangidwa kuti mufike polephera

Woyesa amakhala tsidya lina la tebulo, wotchi ili m'manja. Amakuikirani patsogolo timabokosi ting'onoting'ono tomwe mbali zina n'zofiira, zina zoyera, zina theka kufiira theka kuyera. Kenako amatsegula buku, kukuonetsani chithunzi, n'kukuuzani kuti mutisanje tifanane nacho. Zithunzi zoyamba, za timabokosi 4, mumamaliza osaganiza n'komwe. Posakhalitsa timabokosi takwana 9, chithunzi chapendekeka, mizere yosonyeza malire yachotsedwa. Mukutembenuza kabokosi kamodzimodzi kachitatu, nthawi n'kutha. Woyesa alemba kanthu papepala lake, koma sanena ngati mwakhoza kapena ayi.

Pamenepa ndi pamene ambiri amazizira nkhongono. Mtima umagunda, m'manja mumatuluka thukuta, ndipo m'mutu mumabwera mawu amodzi: ndagwa, ndiye kuti ndine mbuli. Zimene munthuyo sanauzidwe n'zakuti mayesowa anawakonza dala kuti aliyense akafike pa funso lomwe lamukanika. Pa mayeso a David Wechsler, katswiri wa zamaganizo yemwe anatulutsa mayeso ake oyamba mu 1939 akugwira ntchito pachipatala cha Bellevue ku New York, mafunso a gawo lililonse amayambira pa ophweka n'kumalimba pang'onopang'ono. Woyesa saloledwa kusiya gawolo mpaka mutalakwa kangapo motsatizana, kawirikawiri katatu, kapena mafunso atatha. Choncho ngakhale munthu wochita bwino kwambiri amatuluka m'chipindamo akukumbukira mafunso omwe anamugonjetsa. Amene walowa akudziwa zimenezi wachotsa kale gawo lalikulu la mantha ake.

Mantha enawo amachokera pa nambala ya IQ yomwe mayesowa amatulutsa. Anthu amaitenga ngati chigamulo cha moyo wonse, pomwe woyambitsa mayeso a nzeru otere sanaganize choncho. Alfred Binet ndi mnzake Théodore Simon anatulutsa mayeso awo ku Paris mu 1905 pofuna kupeza ana asukulu omwe ankatsalira m'kalasi kuti apatsidwe chithandizo chapadera. Binet ankatsutsa poyera maganizo oti nzeru za munthu ndi muyeso wosasintha. Zinthu zinatembenuka mayesowa atawoloka nyanja. Lewis Terman wa pa yunivesite ya Stanford anawakonzanso mu 1916, ndipo kuyambira 1917 gulu la nkhondo la America linayesa asilikali oposa 1.7 miliyoni kuti liwasanje m'magulu. Chida chopezera mwana wofunika kugwiridwa dzanja chinasanduka chosankhira anthu.

Nambalayo tanthauzo lake n'lochepa kuposa momwe imaopsera. Imangokuyerekezani ndi anthu amsinkhu wanu omwe anayesedwa pokonza mayesowo. Pakati pake ndi 100. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 68 amapeza pakati pa 85 ndi 115, ndipo 2 okha ndi omwe amapitirira 130, gulu lomwe bungwe la Mensa, lokhazikitsidwa ku Oxford mu 1946, limatengamo mamembala ake. Komanso siyokhomeredwa ndi msomali. Munthu yemweyo atayesedwa masiku awiri osiyana akhoza kusiyana ndi mapointi pafupifupi 5 kukwera kapena kutsika.

Kusiyana kumeneku kunafika mpaka kukhoti lalikulu la America. Dera la Florida linali ndi lamulo loti mkaidi woweruzidwa kuti aphedwe saloledwa kupereka umboni wina woti ali ndi ulumali wa m'maganizo ngati IQ yake yapitirira 70. Freddie Lee Hall anapeza 71. Mu 2014 oweruza 5 mwa 9 anagamula kuti malire okhwima chonchi ndi osemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo, chifukwa mayesowo paokha ali ndi mpata wolakwitsa. Ngati oweruza anakana kupachika moyo wa munthu pa pointi imodzi, palibe chifukwa choti wofunsira ntchito kapena kholo la mwana asowe tulo nayo.

Komabe nkhawa imawonongadi, ndipo njira yake ikudziwika. Gawo lina la mayesowa ndi la manambala: woyesa amatchula, mwachitsanzo, 7, 2, 9, 4, imodzi pa sekondi, inu n'kubwereza. Kenako amakuuzani kuti mubwereze chobwerera m'mbuyo. Ntchitoyi imadalira mphamvu ya ubongo yosunga zinthu zingapo kwa kanthawi uku ukuzigwiritsa ntchito, ndipo malo ake ndi ochepa ndithu. Pobwereza mosabwerera m'mbuyo, akuluakulu ambiri amalekeza pa manambala 6 kapena 7. Tsono munthu akamamvetsera manambala kwinaku akuganiza kuti "kodi ndikagwa kunyumba ndikanena chiyani?", ganizo limenelo limakhala pamalo omwe manambala akanakhala. Nzeru zilipo, koma zatanganidwa ndi kuopa.

Mu 2011 Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock a pa yunivesite ya Chicago anafalitsa kafukufuku yemwe njira yake silira ndalama. Anauza ophunzira ena kuti mayeso asanayambe alembe kwa mphindi 10 zonse zomwe zikuwadetsa nkhawa pa mayesowo. Omwe anali amantha kwambiri ndipo analemba anakhoza bwino kuposa anzawo amantha omwe sanalembe. Mayesowo anali a masamu ndi sayansi ya zamoyo, osati a IQ, koma mphamvu ya ubongo yomwe nkhawa imalanda ndi yomweyo. Pepala ndi cholembera muli nazo kale. Yeserani muli panja podikira kuitanidwa.

Kodi tsono munthu angakonzekere? Kuwerenga mabuku usiku wonse sikuthandiza, chifukwa palibe silabasi. Chomwe chimathandiza ndi kuzolowera, ndipo umboni wake wabwino unachokera ku Zambia. Robert Serpell, katswiri wa zamaganizo pa yunivesite ya Zambia, anafalitsa mu 1979 zotsatira za kafukufuku woyerekeza ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester. Onse anawapatsa ntchito yotengera maonekedwe a zinthu zomwe anawaonetsa. Pojambula ndi pensulo papepala, ana a ku Manchester anapambana. Popinda waya, a ku Lusaka, omwe anakula akupanga magalimoto a mawaya, anawasiya kutali anzawowo. Poumba, zomwe onse ankazidziwa, panalibe wopambana. Ntchito inali imodzi, chinasintha ndi chida chomwe chinali m'manja. Serpell ndi anzake anakhazikitsanso mayeso otchedwa Panga Munthu, momwe mwana amaumba munthu m'malo momujambula.

N'chifukwa chake wachinyamata woitanidwa ku mayeso olowera ntchito, omwe makampani ambiri tsopano amalembetsa pakompyuta nthawi ikuwerengedwa pakona, achita bwino kuonako mtundu wa mafunsowo tsikulo lisanafike. Aone momwe mafunso a zithunzi zotsatizana amakhalira, aja oti upeze chidutswa chosowa, omwe John Raven anawatulutsa ku Britain mu 1938. Ayesere wotchi ili pambali, aphunzire kusiya funso lomwe lamugwira n'kupita patsogolo. Afunsenso ngati yankho lolakwika limachotsetsa malikisi, chifukwa ngati silichotsetsa, kusiya mpata n'kudzimana. Kuyesera kwa masiku angapo n'kokwanira. Koma mayeso aja a pa intaneti omwe amakuuzani kuti mulipire kaye kuti muone nambala yanu, musawakhulupirire ndipo musawataire ndalama.

Mayeso oyesedwa ndi katswiri maso ndi maso ndi nkhani ina. Awa cholinga chake n'kupeza pomwe munthu akufunika thandizo, ndiye kholo lomwe likufunafuna mafunso ake kuti mwana aloweze likumupweteka mwanayo: nambala ikwera, vuto libisala, thandizo lisowa. Akatswiri amapewanso kubwereza mayeso omwewo pasanathe pafupifupi chaka, chifukwa kungowaonapo kamodzi kumakweza zotsatira. Chomwe mwana akufunika n'kugona mokwanira, kudya m'mawa, kunyamula magalasi ake ngati amavala, ndi kuuzidwa zoona: kuti akasanja timabokosi, akayankha mafunso, ena akhala ophweka, ena ovuta kwa aliyense. Osamulonjeza mphatso akakhoza, chifukwa lonjezolo limamuuza kuti pali kugwa.

Pomaliza pali chilankhulo, chomwe chikukhudza kwambiri mabanja athu a ku Britain ndi ku South Africa. Mafunso ofotokoza matanthauzo a mawu ndi kufanana kwa zinthu amakhala m'Chingerezi, ndipo mwana amayerekezedwa ndi ana obadwira m'chilankhulocho. Ngati kunyumba mumalankhula Chichewa, muuzeni woyesayo asanayambe, ndipo mutchule zaka zomwe mwanayo waphunzira m'Chingerezi. Zotsatira zikabwera musalandire nambala imodzi yokha. Funsani malire ake apansi ndi apamwamba, funsani momwe mwana wachitira gawo lililonse payekha, ndiponso kuti anamuyerekeza ndi ana a dziko liti. Katswiri wodziwa ntchito yake amayembekezera mafunso amenewa ndipo mayankho ake amawalemba mu lipoti.